Tikonze magalimoto chisanu chisanatigwire: zokambirana za a Malawi a ku UK

Bambo a Chisomo, Leeds: Abale moni nonse. Mawotchi abwerera mmbuyo Sande lomaliza la October, nde mukudziwa kuti kuchokera pamenepo 5 koloko isanakwane kunja kwada kale, mmawa galasi la galimoto lagwira ayezi. Chaka chino pagulu pano palowa anthu ambiri atsopano, ambiri a ntchito ya care yoyenda khomo ndi khomo ija, ena a delivery pa njinga yamoto. Ndati nkhani ya magalimoto tiyiyambe panopa kusanazizire, chifukwa December ikafika mafoni amayamba 6 koloko mmawa, galimoto yakana kulira, agogo akudikira mankhwala awo uko, ofesi ikuimba. Zambiri zimene zimativutazi munthu utha kuziona wekha pakhomo Loweruka limodzi. Amene muli ndi funso funsani, amakaniko alipo pano.

Nachisale, Bradford: Zikomo bambo a Chisomo mwachita bwino. Ine ndi chisanu changa choyamba ndili ndi galimoto, ndinagula mu June. Dzulo ndatsegula boneti ndapeza kabotolo ka madzi a radiyeta kali pansi pa mzere wolembedwa MIN. Ndingothira madzi a pampopi eti? kwathu bambo anga amangotero pa pikapu yawo zaka zonse sinavutepo

Amalume Makaniko, Leicester: Asisi pliz musathire madzi okhaokha. Kumudzi zimatheka chifukwa ku Zomba kapena ku Salima madzi saundana mu injini. Kuno usiku umodzi wa January ndi wokwanira. Madzi akaundana amafufuma, amakula pafupifupi 9 peresenti, nde mkati mwa injini mulibe kothawira, amang'amba radiyeta, mapaipi, pena block yeniyeniyo, apo galimoto ya mapaundi 2,000 yatha basi chifukwa kukonza kwake kuposa mtengo munagulira. Chofunika ndi kulanti, amene amati antifirizi. Akasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi amapirira mpaka cha mma -35, komanso amateteza dzimbiri mkati, nde olo kotentha amafunika ndithu. Gulani wolembedwa ready mixed kuti musavutike nkusakaniza. Koma musanagule onani kabuku ka galimoto yanu kakuti mtundu wanji, alipo wa pinki alipo wa buluu, ndipo mtundu wa maonekedwe wokha osaudalira kwambiri chifukwa makampani amasiyana. Mukasakaniza osagwirizana amatha kupanga matope mkati nkutseka tinjira ta hita. Kushopu mukawauza nambala ya galimoto amakuuzani woyenera. Ndipo chitsekero cha botolo la kulantilo tsegulani injini itazizira, mmawa musanalize. Ikatentha madzi amakuthambalira kumaso.

Amalume Makaniko, Leicester: China asisi, kulanti sangotha yekha. Ngati watsika ndiye kuti penapake pakudontha. Thirani mpaka pa mzere wa MAX, ikani katoni pansi pa injini usiku, mmawa muone ngati padontha, kenako pakatha sabata muonenso botolo lija.

Nachisale, Bradford: Eeh zikomo amalume, ndikanathira lero lomwe

Mayi a Tadala, Nottingham: Ndiwonjezereko kwa amene tili ndi ana. Antifiriziyo ndi poizoni ndipo amatsekemera, maonekedwe ake ngati juwisi. Botolo lotsala osalisiya pansi mu kitchini kapena pa khomo, ikani pamwamba potsekedwa. Akatayika pansi pukutani, amphaka a aneba akanyambita amafa.

Wa Thiraki, Manchester: Ine ndikuti nambala wani ndi batire. Magalimoto ambiri amene ndakajampa mmawa chaka chathachi vuto linali lomwelo. Batire likazizira mphamvu yake imachepa, nthawi yomweyonso oyilo amakhala walimba nde sitata imafuna mphamvu yambiri kuti itembenuze injini. Ndiye inu a care, mayendedwe anu ndi amene amapha batire, mwayenda mphindi 5 mwazimitsa, mwalizanso, magetsi oyaka, hita yoyaka, ma wayipa, galasi la kumbuyo likutenthetsa, foni ili pa tchaji. Olitaneta, imene imatchaja batire injini ikamalira, ilibe mpata wobwezera zimene sitata yadya. Gulani maltimita, kachipangizo koyezera magetsi, si yodula. Galimoto itagona usiku wonse yezani pa mitu ya batire, likakhala lodzaza limaonetsa mavolti 12.6, likafika 12.2 latsala theka, kutsika apo konzekerani. Mukaliza injini pazioneka pakati pa 13.7 ndi 14.7, ngati pakuoneka 12 yomweyo injini ikulira vuto ndi olitaneta kapena lamba wake, olo mugule batire latsopano lifanso. Batire la zaka 4 kapena 5 ine sindilowa nalo mu December.

Kabaza wa pa Luton: Bwana zoyera zoyera zimene zimamera pa mitu ya batire zija nchani, zanga zadzadza

Wa Thiraki, Manchester: Ndi asidi akudya chitsulo, zimatchinga moto. Masulani mawaya, kuyamba wa minus kenako wa plus, pomanga muyambe plus kumaliza minus. Tsukani ndi madzi ofunda osakaniza soda wophikira uja, kwechani ndi bulashi ya waya, kuumitsa, kumanga zolimba nkupaka ka girisi pamwamba. Valani magolovesi ndipo sipanala isakhudze mitu iwiri nthawi imodzi.

Amalume Makaniko, Leicester: Zoona achimwene, koma apa ndichenjeze. Magalimoto a stop-start aja, ozima okha pa maloboti, amafuna batire la mtundu wapadera lotchedwa AGM kapena EFB, la wamba silikhalitsa. Ena mwa iwo ukasintha batire pamafunika kuiuza kompyuta ya galimoto ndi makina. Amenewo pitani nawo ku galaja. Ndipo zokankha galimoto tizisiye kumudzi, ambiri kuno tikuyendetsa otomatiki siilira nkukankha, olo ya manyuwo pamsewu wa ayezi wokankhayo ndi amene avulale. Mawaya ojampira azikhala mu buti.

Achimwene a ku Joni: Ndikuwerenga kuno ku Johannesburg, ife tikulowa mmvula inu mukulowa mchisanu. Koma za batirezi nzoona kunonso, June ndi July mmawa udzu umayera mbee ndi chisanu, magalimoto a mu yadi mwathu amakanika kulira chimodzimodzi. Mu July 2023 mpaka sinowo inagwa mtauni muno. Anyamata akwathu ambiri ali pa njinga za delivery ndiwatumizira zimenezi azisunge

Angoni a ku Glasgow: Nkhani ya matayala isatsalire. Lamulo limati mano a tayala la galimoto asachepere 1.6mm, ndipo akakugwira chindapusa chimatha kufika mapaundi 2,500 ndi mapointi 3 a chilango pa laisensi pa tayala limodzi, matayala anayi laisensi yapita. Kuyeza kwake tengani 20p muilowetse mu mzere wa tayala, ngati mkombero wa kunja wa ndalamayo ukuoneka tayala latha kapena latsala pang'ono. Yezani malo angapo, makamaka mbali ya mkati imene sitiyiona, ndi imene imayamba kudyeka. Koma ine 1.6 ya lamuloyo sindiyikhulupirira nthawi ya chisanu, zikafika 3mm ndimasintha. Ndipo maganizo anga aliyense woyenda mmawa kwambiri agule matayala a winter. Rabala yake siuma kukazizira kutsika madigiri 7. Amene munalipo 2018 nthawi ya chisanu choopsa chija ankati Beast from the East mukukumbuka anthu anagona mmagalimoto usiku wonse pa msewu wa M80 kuno.

Bambo a Chisomo, Leeds: Angoni apa ndikutsutsaniko pang'ono. Inu muli ku Scotland nzomveka. Koma mlongo wathu wangofika kumene, akulipira lendi, akutumiza fizi kumudzi, mumuuze agule matayala anayi ena oti pofika April awachotsenso, akawasunga kuti mu chipinda chimodzi? Kuno lamulo silikakamiza matayala a winter. Ine ndimati amene matayala ake atha kale agule a all season okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi sinowo mkati, amenewo ukhala nawo chaka chonse. Amene ake akadali bwino awasiye, achepetse liwiro basi.

Angoni a ku Glasgow: Za all season ndavomera, ndi nzeru. Koma zoti liwiro basi ayi bambo a Chisomo. A care amadutsa timisewu ta mma estate 6 koloko mmawa, khonsolo imathira mchere misewu ikuluikulu, ting'onoting'onoto imafikako mochedwa kapena osafikako. Buku la malamulo a pamsewu lija, Highway Code, limanena kuti pa ayezi mtunda woimira galimoto umatha kuchuluka ka 10. Tayala losalala pa kamtsetse ka ku Bradford olo ukuyenda 15 mph galimoto imangopita yokha iwe utaponda buleki. Ndalama ya tayala ndi yochepa kuyerekeza ndi kugunda galimoto ya mwini yoimika pamsewu, inshuwalansi ya chaka chamawa mudzaiona.

Bambo a Chisomo, Leeds: Pa tayala losalala tikugwirizana, palibe akuti ayende nalo

Mayi a Tadala, Nottingham: Nanga a second hand aja a mapaundi 20 kapena 25? ambirife ndi amene timakwanitsa kunena zoona

Amalume Makaniko, Leicester: Mayi sindikuletsani chifukwa thumba ndimalidziwa, koma muziona nokha asanamange. Mmbali mwa tayala muli manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza chaka, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Tayala lakalekale olo mano akuoneka rabala inauma, mukayang'anitsitsa muona ting'alu ting'onoting'ono. Pisani dzanja mkati mumve ngati muli zigamba, mmbali musakhale chotupa. Ndipo werengerani, la second hand la mano 3mm muligwiritsa miyezi ingati? pena latsopano lotchipa limatuluka bwino. Mpweyanso muziyeza kawiri pamwezi, kukazizira umatsika wokha, manambala oyenera ali pa sitika ya pa chitseko cha dalaivala kapena pa kachitseko ka petulo.

Kabaza wa pa Luton: Akuluakulu ife a njinga musatiiwale. Ine ndili pa njinga ya 125cc ndimagwira mpaka 11 usiku, kuimika njinga miyezi itatu sindingathe ndi imene ikundidyetsa. Ndichite chani kuti ifike March ili moyo

Mjomba wa Bristol: Mphwanga ine ndayenda pa njinga kuno zaka zambiri, mdani wako wamkulu ndi mchere wa pamsewu. Umalowa paliponse, pa tcheni, mma buleki, pa ekizozi, mabawuti onse amasanduka ofiira. Ukafika kunyumba olo watopa, itsire madzi ozizira pansi ponse, ozizira osati otentha, otentha amathandizira mcherewo kudya chitsulo msanga. Panopa kusanayambe mchere itsuke bwinobwino, iume, kenako upopere mankhwala oteteza dzimbiri pa zitsulo zonse, ambiri timagwiritsa ACF-50, koma uphimbe ma disiki a buleki ndi matayala ndi pepala, akangofikapo buleki palibe. Tcheni uzichitsuka ndi palafini ndi kabulashi nkuthira oyilo wake pafupipafupi, nthawi ya mvula olo kawiri pa sabata, ndipo uone kulendewera kwake, muyezo walembedwa pa sitika ya pa swingarm, chitsulo chogwira tayala la kumbuyo, kapena mkabuku. Ma kalipa a buleki ndi amene amagwira kwambiri, ukamva njinga ikulemera poikankha ndi manja ndiye kuti pisitoni yayamba kumata, usadikire. Mano a tayala la njinga yoposa 50cc lamulo ndi 1mm koma pa matayala awiri okha usafike pamenepo. Ndipo ndikuuze ngati mkulu wako, tsiku loti kunja kwachita ayezi usatuluke. Galimoto ikaterereka imakhota, njinga ikaterereka uli pansi ndipo kumbuyo kukubwera basi. Ma oda a usiku umodzi sangalipire miyezi iwiri uli ndi pulasitala.

Kabaza wa pa Luton: Ndamva mjomba. Zala nazo zimafa dzanzi mpaka kulephera kugwira buleki

Mjomba wa Bristol: Mangitsa ma heated grips, zogwirira zotenthetsa manja, kapena zikwama zija zovala pa handulo, manja amalowa mkati. Ma grips uwalumikize kuti azizima ukachotsa kiyi, apo ayi kabatire ka 125 nkakang'ono mmawa ukapeza katha. Kwa ena amene njinga mumaisunga mpaka April, dzazani thanki kuti musachite chinyontho mkati, ndipo bola petulo wa E5 wodulayo, chifukwa E10 amene anayamba mu September 2021 ali ndi ethanol wambiri amakoka madzi akakhalitsa. Batire liikeni pa katchaja kosungira kaja. Ngati simukufuna kulipira msonkho miyezi imeneyo lembetsani SORN, yonena kuti njinga siikuyenda pamsewu, ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, koma njingayo ikhale mu galaja kapena pa malo anu, osati pamsewu.

Nachisale, Bradford: Funso lina pepani ndachulutsa. Galasi likagwira ayezi mnzanga wa kuntchito amathira madzi a mu ketulo, ndi bwino?

Mayi a Tadala, Nottingham: Funsani asisi, safunsa anadya phula. Madzi otentha ayi, galasi limang'aluka makamaka ngati lili kale ndi kachibala ka mwala. Gulani chopalira cha pulasitiki ndi de-icer, kapena usiku muziphimba galasi. Ma wayipa muziyamba mwawadzutsa ndi dzanja, akamata pa galasi inu nkuyatsa rabala imang'ambika pena fyuzi kupsa. Mu botolo la madzi otsukira galasi muthire screenwash wa winter wosasungunula kwambiri, sopo wa mbale ayi amaundana, antifirizi wa injini ayinso amaononga penti. Pa motorway mchere ukamathovukira pa galasi dzuwa lili mmunsi, madzi osatuluka, simuona kanthu. Ndipo palani magalasi onse ndi magetsi omwe, kaboo kongosuzumira apolisi amaimitsa.

Bambo a Chisomo, Leeds: Komanso chizolowezi choliza galimoto nkubwerera mnyumba kukamwa tiyi kuti itenthe tichisiye. Akuba amadziwa, amayenda mmawa kufuna zomwezo, ndipo a inshuwalansi ambiri sakulipira ngati kiyi unamusiya momwemo. Pamsewu wa boma ndi mlandunso.

Wa Thiraki, Manchester: Injini za masiku ano sizifunanso kuziimika mphindi 15, ikalira dikirani magalasi ayere nkunyamuka pang'onopang'ono, imatenthera mnjira. Ndipo mu galaja yotseka osaliza injini olo mphindi zochepa, mu utsi wake muli mpweya wosanunkha koma umapha, tsegulani chitseko chonse. Ndilankhuleko za dizilo poti ambiri muli ndi ma vani. Dizilo kukazizira kwambiri amapanga phula lotseka fyuluta. Kuno ma filling station amasintha okha, kuyambira pakati pa November mpaka pakati pa March amagulitsa wa winter wopirira mpaka -15, nde vuto limagwira amene vani yakhala chiimire ndi dizilo wa August mu thanki. Fyuluta ya dizilo ngati simukudziwa kuti inasinthidwa liti sinthani, imasunga madzi pansi pake. Mukatembenuza kiyi dikirani kagetsi kopiringizika kaja kazime musanalize. Ikamavuta kulira mmawa, kutulutsa utsi woyera nkumanjenjemera, kawirikawiri ndi ma glow plug, tizitsulo totenthetsa mkati mwa injini ya dizilo isanalire. AdBlue, madzi aja ochepetsa poizoni mu utsi wa dizilo, amaundana pa -11 koma galimoto ili ndi hita yake, inu mungoonetsetsa kuti asathe chifukwa akatha injini siilola kuliranso. Ndipo a maulendo afupiafupi DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi, imatsekeka, kamodzi pa sabata kapena ziwiri ikwezeni motorway mphindi 20 kapena 30 ipsereze mwaye.

Achimwene a ku Joni: Nanga mathiraki akuluakulu mumatani bwana, ine ndimayenda Joburg Durban, pa Van Reenen's Pass nthawi ya chisanu amatseka msewu sinowo ikagwa

Wa Thiraki, Manchester: Kuno thiraki ya kampani sitikonza tokha, ili ndi workshop yake, ntchito yathu ndi kuizungulira mmawa uliwonse tisananyamuke nkulemba chilichonse chavuta, ndi lamulo. Koma chimene ndimalimbikira ndi matanki a mpweya wa mabuleki. Kompuresa imapanga madzi, air dryer, imene imachotsa chinyontho mu mpweyawo, ikatopa madziwo amatsikira mmatanki, usiku nkuundana mma valuvu, mmawa mabuleki a ngolo osamasuka. Kokani kawaya ka pansi pa thanki, pakatuluka madzi kapena oyilo lembani asinthe cartridge ya air dryer. Ma step okwerera ndi pa catwalk, poponda kumbuyo kwa kabini, amaterera koopsa, madalaivala ambiri amavulala potsika osati poyendetsa. Pamwamba pa ngolo pamakhalanso mapale a ayezi, pokhota amagwera wa kumbuyo.

Angoni a ku Glasgow: Amene mukufuna kusintha oyilo nokha nthawi yake ndi ino zala zisanayambe kuuma. Thirani amene kabuku kakunena, ambiri ndi 5W-30 kapena 0W-20, 20W-50 tinazolowera kumudzi uja kuno mmawa amakhala ngati phala sakwera msanga ku mutu wa injini

Amalume Makaniko, Leicester: Apa ndipemphe ndi mtima wonse abale. Osalowa pansi pa galimoto itakwezedwa ndi jeke yekha, makamaka kajeke ka mu buti kaja, kameneko nkosinthira tayala basi. Njerwanso ayi zimaphwanyika mosachenjeza. Ma axle stand awiri, zitsulo zochirikizira galimoto yokwezedwa, si odula, muwaike pa simenti yosalala, handibuleki yokoka, matayala a kumbuyo mwatsekera, ndipo gwedezani galimoto musanalowe. Pakhale munthu wina pakhomo. Mukakhala pansipo onani mapaipi a buleki, timapaipi tachitsulo toyenda mmunsi kupita kumbuyo, mchere umatidya chaka ndi chaka ndipo magalimoto akale ambiri amagwa MOT, mayeso a galimoto a chaka ndi chaka, pamenepo. Mukaona tatupa dzimbiri kapena panyowa, imeneyo si ya pakhomo, pitani ku galaja. Brake fluid amayamwa madzi nde amasinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Zosefa mpweya, mababu, ma wayipa, oyilo, batire la galimoto wamba chitani nokha, koma mabuleki ngati simunaphunzirepo musayambire pa galimoto imene mumanyamulira ana. Ndipo MOT isakupusitseni, imangonena kuti tsiku limenelo galimoto inali bwino, sayeza mphamvu ya antifirizi kapena moyo wa batire.

Mayi a Tadala, Nottingham: Oyilo wakudayo mumataya kuti? bambo a kunyumba ali ndi zigubu ziwiri mu shedi

Angoni a ku Glasgow: Ku recycling centre ya khonsolo mayi, ambiri ali ndi thanki yake, batire lakale amalandiranso. Mu dreni kapena pa udzu osayerekeza ndi mlandu, madreni ambiri a pamsewu amathera mu mtsinje. Asasakanize ndi antifirizi kapena petulo, chilichonse chigubu chake, ndipo onani kaye pa intaneti chifukwa makhonsolo ena amafuna kubukitsa nthawi.

Bambo a Chisomo, Leeds: A Leeds, Bradford ndi Wakefield, Loweruka likubwerali kuyambira 10 koloko ndili pakhomo, ndili ndi maltimita, pampu, ma axle stand ndi kachubu koyezera antifirizi. Aliyense abwere ndi kabuku ka galimoto yake ndi kiyi wa locking nut, womasulira nati yapadera ya pa tayala, ambiri simudziwa kumene ali, fufuzani mu buti pansi pa kapeti lero. Adiresi ndikutumizirani ku inbox.

Kabaza wa pa Luton: Mjomba mankhwala a dzimbiri aja botolo limodzi likwana chisanu chonse?

Mjomba wa Bristol: Likwana nkutsala, safuna ambiri. Popera pa kansanza uzipaka, pa ekizozi padzafuka utsi tsiku loyamba usadabwe. Ubwerezenso mu January.